Kwanu Nkuti, Mwanawe? Ana a ku Nkhotakota pa Khomo la Yunivesite

Chaka ndi chaka, bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia kum'mwera kufikira ku Dwambazi kumpoto, mumabuka masamu ena amene salembedwa m'buku lililonse la sukulu. Pakuti bambo amene akusoka ukonde pa gombe, mayi amene akutembenuza usipa pa thandala, ndi mphunzitsi amene wapuma pansi pa mtengo wa mango itatha ntchito ya tsikulo, onsewo amasinkhasinkha funso limodzi, lakuti kodi ndi mapointi amene wapezawa mwanayu amutenga kapena amusiya. Wina amati mapointi 15 ngokwanira, popeza mwana wa auje anapita ku Zomba ndi 17. Wina amapukusa mutu nati za chaka chija nzina, lero zinthu zinasintha. Ndipo sipalephera kupezeka wamkulu wina amene amatseka nkhani ndi mawu akuti zonse zimatengera boma limene munthu analemba pa fomu. Mawu otsirizawa, angakhale akunena za lamulo limene linathetsedwa, akadali ndi mphamvu m'mitima ya anthu. Ndipo nchifukwa chake kuli koyenera kuti nkhaniyi tiifukule kuchokera ku mizu yake, kuti mwana wa ku nyanja, poyeza mwayi wake, asatenge muyeso umene eni ake anautaya kale.

Tiyambe ndi chinthu chimene aliyense akuchidziwa, koma ochepa amaima kuti achilingalire. Boma la Nkhotakota, limene pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 390,000, lilibe yunivesite ya boma ngakhale imodzi. University of Malawi ili ku Zomba. MUBAS, imene ambiri akuitchabe Poly, ili ku Blantyre. KUHeS, yosula madokotala ndi anamwino, ili ndi nthambi zake ku Blantyre ndi ku Lilongwe. LUANAR ili ku Bunda. Mzuzu University ili ku Luwinga. Ndipo MUST ili kutali ku Ndata, m'boma la Thyolo. Chotero mwana wa kwa Malengachanzi, wa kwa Mwadzama, wa kwa Mwansambo kapena wa kwa Kanyenda, pa khomo lililonse limene angagogode, adzagogoda ngati mlendo wochokera kutali, wopanda azakhali pafupi oti angamupatse pogona, ndiponso kawirikawiri wopanda mbale amene anadutsapo kale woti amuuze za m'katimo.

Ulendo wotere suli wa lero. Dziko lino lisanakhale ndi yunivesite yakeyake, mwana aliyense wa Nyasaland wofuna digiri ankakapempha malo m'dziko la eni. Henry Masauko Chipembere, amene anabadwa mu 1930 ku Kayoyo, ku mapiri a Ntchisi amene amayang'ana nyanja yomweyi, mwana wa mphunzitsi wa mpingo wa Anglican amene pambuyo pake anadzakhala wansembe, atatsiriza ku Blantyre Secondary School anapita ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, nakafika ku Fort Hare ku South Africa, kumenenso Orton Chirwa anaphunzira. Kanyama Chiume ndi David Rubadiri analunjika kumpoto, ku Makerere m'dziko la Uganda. Anthu amenewa ankawerengeka ndi zala, ndipo aliyense wa iwo anasiya m'mbuyo anzake ambiri anzeru zofanana ndi zake amene njira inawatsekekera. Pamene University of Malawi inatsegula zitseko zake ku Chichiri mu 1965, ndi ophunzira 90 okha, dziko linakondwera kuti tsopano ana ake adzaphunzira kwawo. Komatu kuchepa kwa malo kunabala msanga funso limene lativutitsa zaka zonsezi, lakuti pa ana ambiri okhoza, malo ochepawa apatsidwe kwa yani.

Kuti timvetse chifukwa chimene funsoli linasandukira nkhani ya zigawo ndi maboma, tiyenera kukumbukira kuti sukulu sizinafike m'dziko muno tsiku limodzi. Mishoni ya Livingstonia, imene inayamba ku Cape Maclear mu 1875 ndi kusamukira ku Bandawe mu 1881, inatsegula sukulu yake yaikulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894 pansi pa Dr Robert Laws, ndipo inaphunzitsa Chingerezi, masamu ndi ntchito za mu ofesi molimbika, kotero kuti mibadwo itatu isanathe, m'midzi yambiri ya Atonga ndi Atumbuka munali agogo odziwa kuwerenga. Mishoni ya Dutch Reformed, imene inakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, inafalitsa sukulu za m'midzi zochuluka pakati pa Achewa, koma mtima wake unali pa kuwerenga Mawu a Mulungu m'chinenero cha anthu, pa ulimi ndi pa ntchito za manja, osati kwambiri pa maphunziro apamwamba. Ku Nkhotakota kuno nkhani inali ndi mfundo inanso. Amishoni a UMCA, amene anali ku Likoma kuyambira 1885, anafika mu 1894 m'mudzi umene kwa zaka pafupifupi makumi asanu unali likulu la a Jumbe, ndipo pa tchalitchi cha All Saints mpamene pagona Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Koma makolo ambiri a Chisilamu, poopa kuti mwana akalowa sukulu ya mishoni adzatuluka atasiya chipembedzo cha makolo ake, anasankha kumusunga ku madrasa, ndipo palibe munthu woona mtima amene anganene kuti mantha awo anali opanda maziko. M'mera mpoyamba, anatero akale. Kusiyana kumene kunadzaoneka pa mayeso m'zaka za ufulu sikunali kwa nzeru zobadwa nazo, pakuti Namalenga sanagawe nzeru potsata mitsinje ndi mapiri. Kunali kusiyana kwa nthawi imene bolodi ndi choko zinafika pa mudzi.

Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linayankha funsoli mu 1987 pokhazikitsa ndondomeko imene aliyense amaidziwa ndi dzina lakuti kota, yoti malo a ku yunivesite azigawidwa potsata boma lochokera. Ndipo patangopita zaka ziwiri, mu 1989, aphunzitsi analamulidwa kuti abwerere kukaphunzitsa ku zigawo za kwawo, chinthu chimene chinasiya bala lalikulu m'mitima ya anthu a kumpoto, ndi kusiyanso makalasi ambiri a pakati ndi kum'mwera opanda aphunzitsi awo odziwa ntchito. Mu 1993 Khoti Lalikulu linagamula kuti kusankha ophunzira motero nkwa tsankho, ndipo kota inagwa. Inadzukanso mu 2009, m'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, itavala dzina latsopano lonena za kugawana mwayi wa maphunziro mofanana. Ndipo kachitidwe kake kanali kakuti ophunzira 10 okhoza koposa a boma lililonse ankapatsidwa malo poyamba, pamene malo otsalawo ankagawidwa poyang'ana kukhoza pamodzi ndi kuchuluka kwa anthu a m'bomalo. Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsutsa ndondomekoyi kosalekeza. Mu February 2020, Nduna ya Zamaphunziro ya nthawi imeneyo, Dr William Susuwele Banda, inalengeza kuti kota yathetsedwa, ndi kuti kusankha kudzatsata kukhoza, pamodzi ndi kuganizira mwapadera atsikana ndi ophunzira aulumali.

Wolemba uno sakufuna kupeputsa mbali iliyonse ya mkangano umenewu, pakuti mbali zonse ziwiri zinali ndi misozi yeniyeni. Kholo la ku Rumphi kapena ku Karonga, limene mwana wake anakhoza bwino kuposa anzake a maboma ena koma nasiyidwa chifukwa boma lake linali ndi okhoza ambiri pa anthu ochepa, linalira zomveka. Ndipo kholo la ku Nkhotakota, ku Mangochi kapena ku Dedza, limene limapereka msonkho womwewo koma mudzi wake sunaonepo munthu wa digiri, linaliranso zomveka. Cholakwa chachikulu cha kota chinali m'funso limene inkafunsa mwana, ndipo palibe malo amene cholakwacho chinkaonekera poyera kuposa ku Dwangwa.

Taonani umo zinthu zilili kumeneko. Chiyambire kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga zinatsegulidwa pa chigwa cha Dwangwa, anthu akhala akufikako kuchokera ku ngodya zonse za dziko: Asena a ku Nsanje ndi ku Chikwawa amene ntchito ya nzimbe anaidziwira ku Nchalo, Alomwe a ku Mulanje ndi ku Phalombe, Atumbuka a ku Mzimba, Angoni a ku Ntcheu, ndipo pa magombe a nyanja, asodzi a ku Nkhata Bay, a ku Likoma ndi a ku Mangochi anamanga misasa imene lero inasanduka midzi. Ana awo anabadwira kuno, anamwa madzi a kuno, anakhala pa mabenchi amodzi ndi ana a Achewa ndi Atonga a m'bomali, anasowa mabuku omwewo ndi kuphunzitsidwa ndi aphunzitsi omwewo. Koma tsiku lolemba fomu likafika, ankafunsidwa boma, mfumu yaikulu ndi mudzi wa makolo, ndipo mwana amene sanapondepo phazi ku Chitipa ankapikisana ndi ana a ku Chitipa, pamene mnzake wa pa benchi lomwelo ankapikisana ndi a ku Nsanje. Awiri okhoza mofanana, wina ankapita, wina nkutsala, osati chifukwa cha ntchito ya manja awo, koma chifukwa cha kumene kuli manda a agogo awo. Ndipo funso lenilenilo lakuti kwanu nkuti lilibe yankho limodzi pakati pathu. Pakuti kwa Mchewa mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo mwini wake ndi malume, pamene kwa Mtumbuka, Mngoni wa ku Mzimba kapena Msena, kumene amalowola, mwana ndi wa kuchimuna. Mwana wobadwa kwa bambo Mchewa wa kwa Mphonde ndi mayi Mtumbuka wa ku Rumphi, potsata mwambo wa bambo ndi wa kwa amayi, potsata mwambo wa mayi ndi wa kwa abambo. Nanga fomu ya mzere umodzi ikanamuika kuti popanda kumunamizira? Sizodabwitsa kuti m'zaka zimenezo mabanja ena ankakhala pansi usiku kukambirana boma limene likanapatsa mwana mwayi woposa, ndipo lamulo limene limaphunzitsa ana kusankha kwawo potsata phindu silingathe kumanga mtundu.

Maiko ena nawonso amalimbana ndi funso la mlendo ndi mwini mudzi, ndipo nkothandiza kuona mmene amalitengera. Ku America, kumene dziko linagawidwa m'zigawo 50 zokhala ndi maboma awoawo, yunivesite ya chigawo imathandizidwa ndi misonkho ya anthu a m'chigawocho, ndipo chifukwa cha ichi wophunzira wochokera ku chigawo china amalipira kawiri, katatu, pena kuposerapo, ndiponso nthawi zambiri amafunika kukhoza kuposa mwini dera kuti alandiridwe. Ku North Carolina anaika malire mu 1986 akuti mwa ophunzira 100 alionse a chaka choyamba, ochokera kunja kwa chigawo asapitirire 18. Kotero kuti pa sukulu yawo yotchuka ya ku Chapel Hill, alendo ambirimbiri okhoza kwambiri amalimbirana kagawo kochepako. Ku Nigeria, mayunivesite a boma lalikulu amagawa malo patatu: 45 mwa 100 alionse potsata kukhoza kokha, 35 kwa ochokera m'madera ozungulira yunivesiteyo, ndi 20 kwa ochokera m'zigawo zotsalira pa maphunziro. Ku China, chigawo chilichonse chili ndi gawo lake la malo, ndipo ana ambiri a anthu amene anasamukira m'mizinda ikuluikulu kukagwira ntchito akhala akubwerera kwawo kukalembera mayeso aakulu kumene banja lawo linalembetsedwa. Koma pali kusiyana kumodzi kumene tiyenera kukugwiritsa. Ku America amafunsa kumene munthu akukhala ndi kupereka msonkho, chinthu chimene banja lingathe kusintha posamuka. Kota ya kuno inkafunsa kumene munthu anachokera, chinthu chimene palibe angachisinthe kufikira imfa.

Tsono popeza funso limenelo linachotsedwa mphamvu, mwana wa lero ayeze bwanji mwayi wake? Choyamba adziwe kuti fomu yake imapita ku bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo ndilo limalumikiza kusankha kwa mayunivesite onse a boma, kotero kuti wopempha amandandalika maphunziro angapo amene akuwafuna, motsatana ndi kukonda kwake, ndi kupatsidwa malo amodzi okha ngati wapambana. Pa mayeso a MSCE magiredi amayambira pa 1 kufika pa 9, ndipo 1 ndi 2 ndiwo apamwamba koposa, 3 kufika 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 nkungokhoza chabe. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza koposa, kotero kuti mapointi 6 ndiwo mapeto a kukhoza. Khomo loyamba ndi makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Wopanda kirediti ya Chingerezi, angakhale atakhoza masamu kuposa dziko lonse, khomo limenelo silimutsegukira. Koma apa mpamene ambiri amasokera, poganiza kuti amene wadutsa khomo loyamba walowa m'nyumba. Makirediti asanu ndi limodzi amangopatsa munthu chilolezo chopikisana, ndipo oyenera amachuluka kuposa malo chaka chilichonse.

Chachiwiri, ndipo ichi nchimene anthu a pa gombe sachitchula pokambirana za mapointi, nchakuti dipatimenti iliyonse imayang'ana maphunziro akeake. Mtsikana angathe kupeza mapointi 13 okongola, omangidwa ndi Chichewa, Baibulo, mbiri yakale, jogalafe ndi ulimi, koma ngati masamu anapeza 6 ndipo Chemistry sanalembe nkomwe, udokotala ndi uinjiniya zili kutali naye kuposa mmene zilili ndi mnzake wa mapointi 17 amene mphamvu zake zili pa masamu ndi sayansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nambala ya pamwamba pa satifiketi ingathe kusangalatsa mudzi wonse, koma osankha amatsegula m'kati ndi kuyang'ana giredi ya phunziro lililonse. Ndiponso malire a mapointi sali mwala wozikika umene umakhala pamodzimodzi chaka ndi chaka. Amabadwa kuchokera ku kuchuluka ndi kukhoza kwa amene apempha maphunziro amenewo m'chaka chimenecho, poyerekeza ndi malo amene alipo. Monga msodzi wanzeru m'nyengo ya mwera, asanakankhire bwato m'madzi, amayang'ana thambo la tsiku limenelo osadalira bata la dzulo, momwemonso wopempha malo atenge mbiri ya chaka chatha ngati chenjezo chabe, osati ngati lonjezo.

Chachitatu ndi nzeru ya kandandalikidwe. Ana ambiri okhoza bwino a m'sukulu za kumidzi amatsala, osati chifukwa mapointi awo ngoipa, koma chifukwa mizere yonse ya pa fomu anaidzaza ndi maphunziro amene dziko lonse likulimbirana, monga udokotala, za mankhwala, unamwino, uinjiniya ndi za akawunti, popeza amenewo ndiwo maina okha amene anawamvapo. Sindikunena kuti mwana ataye loto lake. Aliike pa mzere woyamba ndithu, ngati magiredi ake akulola. Koma pa mizere yotsatira aikepo maphunziro amene magiredi ake akuposa zofunika zake moonekeratu, ndi amene amatenga anthu ochuluka, monga a uphunzitsi, a zaulimi, a zankhalango ndi a zachilengedwe. Ndipo nchinthu chomvetsa chisoni kuti ana obadwira pa nyanja, amene amadziwa kusiyanitsa chambo, kampango, utaka ndi mpasa asanadziwe kulemba dzina lawo, ambiri sadziwa kuti ku Bunda ndi ku Mzuzu kuli maphunziro a digiri a za nsomba ndi ulimi wake, kumene chidziwitso chawo cha kubadwa nacho chikanakhala chuma. Safunsa anadya phula. Buku la NCHE lofotokoza zofunika za maphunziro alionse liwerengedwe mzere ndi mzere, pamodzi ndi mphunzitsi amene amamudziwa mwanayo, fomu isanadzazidwe. Pakuti ola limodzi la kukhala pansi motero lingathe kupulumutsa khama la zaka zinayi.

Koma tikanena zoona zonse, mwayi wa mwana umayamba kuyezedwa kale kwambiri asanaone fomu ya NCHE. Pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo masukulu a sekondale sanakule ndi liwiro lomwelo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo amene kale anali ophunzirira mwa makalata anasandutsidwa masukulu oyendera a m'madera, amene timawatcha ma CDSS, ndipo lero ndiwo amanyamula ana ochuluka a sekondale m'dziko muno. Pa mayeso a Sitandade 8, okhoza koposa amatengedwa ku masukulu a dziko lonse monga Dedza, Blantyre, Mzuzu ndi Lilongwe Girls. Otsatira amapita ku masukulu ogonera a m'maboma. Otsalawo, amene apeza malo, amapita ku CDSS. Ambiri mwa masukulu otsirizawa alibe nyumba yoyeseramo za sayansi, alibe laibulale yokwanira, ndipo aphunzitsi a Physics ndi Chemistry ngosowa. Mwana amaphunzira za asidi pomva ndi makutu, osaona ndi maso. Akaweruka amayenda mtunda wautali kubwerera kunyumba kumene kulibe magetsi, ndipo ngati ali mnyamata, nyanja imamuitana madzulo aliwonse, pakuti usiku umodzi wokoka chilimira umamupatsa ndalama ya m'manja imene sukulu singamulonjeze kufikira patapita zaka. Ngati ali mtsikana, mtondo, mtsuko ndi ofunsira mbeta zimamudikira pakhomo. Mwana wotere akapeza mapointi 20, wachita chamuna choposa cha mnzake wa mapointi 12 amene anagona pa sukulu ya magetsi, ya mabuku ndi ya chakudya katatu pa tsiku. Koma pa mndandanda wa osankhidwa, khama limenelo silioneka.

Apa mpamene pali mtima wa nkhaniyi monga ndikuionera. Malire enieni a mwayi m'dziko muno sadutsa pakati pa Nkhotakota ndi Nkhata Bay, kapena pakati pa Kasungu ndi Mzimba. Amadutsa pakati pa sukulu ndi sukulu, m'kati mwa boma lomwelo. Ngakhale m'masiku a kota, malo 10 a boma la Nkhotakota sankafunsa ngati mwana anaphunzira pa CDSS ya kwa Mwansambo kapena pa sukulu yolipira ya mu mzinda wa Lilongwe. Mwana wa bwana wokulira ku Area 47, pokhala kuti agogo ake ndi a ku Linga, ankatha kutenga malo a Nkhotakota, mwana wa msodzi nkutsala pa gombe. Anthu a ku Texas, m'dziko la America, anaona vuto lofanana ndi limeneli, ndipo mu 1997 anakhazikitsa lamulo lakuti ophunzira 10 mwa 100 alionse okhoza koposa pa sekondale iliyonse ya m'chigawocho, ya mu mzinda kapena ya kumudzi, ya olemera kapena ya osauka, akhale ndi malo m'mayunivesite a boma. Ndipo angakhale yunivesite yawo yaikulu ya ku Austin inadzachepetsa gawolo chifukwa cha kuchuluka kwa ofuna, mfundo yake ndi yoyenera kuilingalira, yoti mwana ayezedwe poyerekeza ndi anzake amene anamwa nawo chitsime chimodzi. Sindikuti tikope lamulo la eni monga lilili, pakuti malo athu ngochepa kwambiri. Koma ngati dziko lifuna kuthandiza otsalira popanda kutsegulanso bala la mitundu ndi zigawo, lifunse mwana kumene anaphunzira, osati kumene agogo ake anabadwira.

Palinso muyeso wina umene mlendo sayenera kuuiwala, ndiwo wa thumba. Dzina kutuluka pa mndandanda nchiyambi chabe. Pamafunika fizi, ndalama ya basi ya pa msewu wa M5 kupita ku Salima ndi kupitirira, kapena kukwera mapiri kupita ku Mzuzu, ndiponso, popeza zipinda zogona za pa sukulu sizikwanira onse, ndalama ya lendi ndi chakudya ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga kapena m'makomboni a Blantyre. Mwana wa mu mzinda angathe kugona kwa makolo ake nkumayendera. Wa ku nyanja alibe mwayi umenewo. Bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, lathandiza ambiri, koma fomu yake njapadera, ili ndi nthawi yake, ndipo imafuna maumboni a kusowa kwa banja. Amene adikira kuti afike kaye pa sukulu ndipo ayambe kufunsa za ngongole amadzipatsa yekha miyezi ya njala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani iyi malume, mpingo, mzikiti ndi mfumu ya mudzi ayenera kukhala pansi msanga, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Za amene maso awo ali kunja kwa dziko tinene mwachidule. Pangano la maiko a SADC pa maphunziro, limene linasainidwa mu mzinda wa Blantyre mu 1997, limapempha dziko lililonse kusungira ophunzira a maiko anzake malo osachepera 5 mwa 100 alionse m'mayunivesite ake. Komabe satifiketi ya MSCE payokha siikwanira pa mayunivesite ambiri a ku South Africa ndi a kutsidya kwa nyanja zazikulu, amene amafuna A-Level kapena chaka chimodzi cha ku yunivesite, ndipo pamwamba pake pamabwera za chilolezo chophunzirira, inshulansi ya chipatala ndi ndalama zakunja. Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958, nayenda kufikira ku Khartoum asanakwere ndege yopita ku Skagit Valley College ku America, ndipo pambuyo pake anakafika ku Cambridge. Koma iye anayamba ndi koleji yaing'ono imene inamuyankha kalata, osati ndi sukulu ya dzina lalikulu.

Ndipo amene dzina lake silinatuluke asaganize kuti misewu yonse yathera pa NCHE. Kuli Domasi ndi Nalikule kwa ofuna uphunzitsi wa ku sekondale. Kuli Malawi College of Health Sciences pamodzi ndi makoleji a unamwino a mipingo. Kuli Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, ndi Salima Technical College ku Senga Bay, mtunda wa maola ochepa kuchokera ku Linga. Ndipo mayunivesite a boma amalandiranso anthu amene anayamba ndi dipuloma nagwirako ntchito, kudzera pa khomo la akuluakulu, ndi ena amene amaphunzira ali kwawo mwa njira ya maphunziro a patali. Chimene chikusowa ku nyanja kuno ndi munthu wobweretsa nkhani zimenezi pa nthawi yake. Aphunzitsi aakulu a ma CDSS, a ofesi ya maphunziro ya pa boma, ndi ana a Nkhotakota amene anadutsa kale ku Zomba, ku Bunda ndi ku Mzuzu, angachite bwino kugwirizana kuti chaka chilichonse, ana a Fomu 2 asanasankhe maphunziro amene adzalembe pa MSCE, wina aime pamaso pawo ndi buku la zofunika m'manja, awauze poyera kuti wosiya Chemistry lero watseka makomo ati, ndipo wolimbikira masamu ndi Chingerezi watsegula ati. Pakuti pofika tsiku limene MANEB ikutulutsa zotsatira, zambiri mwa zosankha zimenezi zimakhala zitachitika zaka ziwiri m'mbuyomo.